Ekizozi yanga ili kudimba la apongozi

Ekizozi ya galimoto ija ndinasankha ndekha, palibe anandikakamiza. Wowotcherera wa ku Lizulu anandionetsa ziwiri, ina yachete, ina yonyezimira, yakukamwa kwakukulu. Ndinati, "Ikani yobangulayo, anthu azidziwa kuti pikapu ya kachewere yafika."

Lachisanu ndinapita ndi mkazi wanga ku Biriwiri kukaona apongozi anga aamuna, mkulu wa mpingo wodana ndi phokoso. Ndisanazimitse n'komwe injini, nkhuku zinali zitabalalika, mbuzi itadula chingwe.

"Bambo a Chisomo, galimotoyi yatani?" anafunsa apongozi atatseka makutu.

Ine, bambo wandevu zanga, ndinachita mantha kunena kuti phokosolo ndinachita kugula. "Ekizozi yabooka, bambo. Misewu yathuyi."

"Pepani kwambiri," anatero mwachisoni.

M'mawa mwake anatituma kutsidya kukazonda azakhali odwala, wapansi. Pobwera ndinapeza mng'ono wa apongozi, yemwe ndi makanika, akutuluka kunsi kwa galimoto, atamangirira ekizozi yakale yadzimbiri.

"Takukonzerani, mwana wanga," anatero apongozi. "Chitsulo chowonongekachi mungondisiyira."

Ndinanjuta, n'kuwomba m'manja, n'kuthokoza ndi mtima wonse ngati andipatsa ng'ombe. Mkazi wanga, amene ankadziwa zonse, anathawira kuseri kwa nkhokwe kukaseka.

Lero ekizozi yanga ili kudimba, ikutsira madzi m'mizere ya kabichi ngati paipi, ikunyezimirabe. Nthawi zonse tikapitako, apongozi amanditengera komweko n'kuisisita monyadira.

"Taonani, siidontha ngakhale pang'ono. Paja munati inabooka pati?"