Bambo Tawakali ndi mdani wa kuseri kwa bokosi

Bambo Tawakali a ku Troyeville amadyera maso. Ndi mlonda pa maofesi ena ku Randburg, ndipo tsiku lonse amakhala m'kachipinda kodzaza masikirini a makamera, kudikira munthu wokayikitsa. Bambo awo anabwera ku Joni kudzakumba mgodi, iwo n'kubadwira konkuno. Kwa iwo ntchito ndi chinthu chokhala ndi yunifomu ndi bwana, basi.

Nanga za Siyabonga akanazitcha chiyani? Mwana wawoyo, munthu wandevu kale, ankati ntchito yake ndi kusewera magemu a pakompyuta.

"Bwana wako ndani?" anamufunsa.

"Palibe bwana, baba. Ndi timu, tilipo asanu."

"Mpira wake uli kuti?"

"Eish, baba, timawomberana."

"Mumawomberana! Apolisi akudziwa?"

Mutu unawazungulira. Anakagwada kwa kapitawo wawo kupemphera Siyabonga malo a ulonda, ndipo anauzidwa kuti abwere naye mwanayo Loweruka, apo ayi malowo apita kwa wina. Loweruka lomwelo, m'chaka cha 2017, Siyabonga analawirira ku mpikisano wa magemuwo. Akuti timu yopambana ilembedwa ntchito ya malipiro a pamwezi.

Anamutsatira ali mu yunifomu, kuti akamukoke khutu. Muholo ya mpikisanoyo anapeza chinamtindi cha achinyamata, osewera ali kutsogolo atatseka makutu ndi mahedifoni. Chisikirini chachikulu chinkaonetsa owonerera matimu onse awiri, pomwe osewerawo aliyense ankaona mbali yake yokha. Mtsikana wina anawalozera pa sikirinipo kamsilikali kali chiimire ndi mfuti.

"Uyo ndiye Siya wanu, baba. Akulondera chitseko. Akapambana apa, chikho n'chawo."

Akulondera? Kani mwanayu ndi mlonda! Mtima unawasefukira ndi chimwemwe, za khutu zija n'kuiwalika.

Kenaka anamuona. Mdani ankanyang'ama kuseri kwa mabokosi, kulowera kumbuyo kwa Siyabonga. Anayang'ana uku ndi uku. Holo yonse ikumuona wakubayo, koma aliyense ali duu, wina mpaka akutafuna tchipisi. Anthu amtundu wanji awa? Zaka zonsezi Bambo Tawakali sanaonepo munthu wozemba pa sikirini n'kungokhala. Anathamangira kutsogolo, nazula hedifoni ya mwana wawo.

"Kumbuyo kwako! Kuseri kwa bokosi!"

Siyabonga anatembenuza kamsilikali kaja modzidzimuka, n'kuwombera. Mdani anagwa. Bambo Tawakali anakweza manja m'mwamba, koma anasangalala okha. Oyang'anira mpikisano anaimitsa masewero, nanena kuti wowonerera saloledwa kuuza wosewera kanthu. Timu ya Siyabonga inachotsedwa pomwepo, ntchito ija n'kupita kwa timu inayo.

M'takisi pobwerera, kapitawo anaimba foni kuti malo a ulonda atenga wina. Siyabonga anangoyang'ana pawindo. Bambo Tawakali manyazi ndi chisoni zinawagwira, komabe nkhaniyo sinkawalowa m'mutu.

"Komatu wakubayo analipo, mwanawe."

"Analipo, baba."

"Ndiye ndalakwa pati? Ndikanangomusiya akuphe?"

Takisi itakhota kulowa Troyeville, Siyabonga anawatembenukira.

"Ndinali nditamva kale mapazi ake, baba. Ndimamudikira afike pafupi. Ntchito yanga ndimaidziwa."

Bambo Tawakali anavula kapusi ya yunifomu, naifumbata pamiyendo. Pamalo pawo potsikira anachita kukumbutsidwa ndi dalaivala.