Chaka Chimene Anakhululukira Chigoba

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwiya ndi mtendere. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, tikukhala ku Mongue, kufupi ndi malire a Malawi, ndipo achemwali anga a Selina, amene ankagulitsa nandolo kumalire, anali atandisiyira foni yawo yakale yosweka galasi pakona. M'fonimo munali jogu, masewera a pa intaneti amene anyamata ambiri a kusukulu kwathu ankasewera. Foni inkagwira bwino pamalo amodzi okha, pachulu chimene chinali kuseri kwa baraka, kagolosale ka pamsika. Tikaweruka tinkaunjikana pamenepo, fumbi lili m'miyendo, aliyense atawerama pa kagalasi kake.

M'jogumo munali dziko la mapiri, zinjoka ndi mizinda ya malinga, ndipo munali mbali ziwiri zodana. Mayina awo anali a Chipwitikizi, koma ife tinkawatchula m'chinenero chathu: a Nyali ndi a Minga. Poyamba kusewera unkasankha mbali, ndipo ukasankha kunalibenso kusintha. Ine ndinasankha a Nyali, chifukwa dzinalo linkandikumbutsa zimene tinkaphunzira ku Sande sukulu za kuunika kumene sikubisidwa pansi pa dengu. Mnzanga Armando, amene tonse tinkangoti Mando, anasankha a Minga chifukwa zovala zawo zankhondo zinali zakuda, zooneka bwino.

Zimenezi sizinatisokoneze poyamba. Nyumba zathu zinali zoyandikana. Abambo anga ndi abambo ake, a Tiyo Bonifasiyo, ankalima mosinthana, sabata ino munda wathu, sabata yamawa munda wawo, ndipo kutchalitchi ankakhala benchi limodzi. Ine ndi Mando tinkamenyana m'foni, kenako n'kubwerera kunyumba tikudya nzimbe imodzi.

Kumbali ya a Nyali kunali nkhalamba ina yosula zitsulo. Aliyense woyamba kumene ankafikira kwa iyo, ndipo inkamupatsa mkondo woyamba ndi kanyali kakang'ono, n'kumuuza kuti ayende bwino. Tinkaitchula Agogo Nyundo. Sanali munthu weniweni, ndikudziwa, koma ndinkadutsa pa chipala chawo nthawi zonse ndikalowa m'jogu, ngakhale ndilibe choti andikonzere. Tsiku lina eni jogu anaonjezera nkhani. Mkulu wankhondo wa a Minga, wovala chigoba chachitsulo kumaso, analowa mumzinda mwathu napha Agogo Nyundo pa chipala chawo pomwepo. Ife tinamutcha Chigoba. Ndinaonera zimenezi pachulu paja, ndipo Mando, amene anali pambali panga, anaomba m'manja. Kwa miyezi yambiri a Nyali tonse tinkamenya nkhondo ndi cholinga chimodzi, chodzamugwira Chigoba.

Kenako kunabwera kusintha kwina kwakukulu. Tinadikira nthawi yaitali kuti kulowe m'mafoni, mamega a intaneti akutha ngati madzi a mumtsuko wobooka. Kutalowa, tinaona zimene sitinayembekezere. Chinjoka cha kumpoto chinali chitaumitsa dziko lonse, kunagwa njala, ndipo mafumu a mbali ziwirizo anapangana mtendere. Chigoba anagwada pamaso pa mfumukazi yathu, mfumukaziyo inamudzutsa, n'kumuika kukhala mlonda wa pachipata cha mzinda wathu womwewo. Ndipo kuti munthu apitirire ku madera atsopano, wa Nyali aliyense anayenera kupeza mnzake wa Minga, asenze limodzi matumba a tirigu, awoloke mlatho, akawapereke m'manja mwa Chigoba.

Pansi pa chilengezo cha kusinthako pa intaneti, anthu analemba zambirimbiri. Ndinkawerenga pang'onopang'ono, chifukwa Chipwitikizi cha ku Brazil chinkandivuta. Ena ankati olemba nkhaniwo atipereka. Ena ankati achotsa jogu m'mafoni mwawo ndipo sadzabwereranso, koma mawa lake ndinkawapeza alembanso. A Minga nawo anali okwiya kuti mkulu wawo wagwaditsidwa ngati kapolo. Ena ankati nkhani yokoma ndi imeneyi, nkhondo yatitopetsa, ndipo anzawo ankawatukwana. Panali wina wa ku Nampula amene analemba mawu ochepa chabe, kufunsa kuti nanga nkhalamba ija inafera chiyani. Funso limeneli linandikhala pamtima.

A Nyali a pachulu paja tinapangana kuti palibe adzasenze thumba, ndipo palibe adzayankhule ndi wa Minga. Tsiku lomwelo Mando anandipeza panjira.

"Nesito, tiye tikasenze matumba aja. Ndilibe wa Nyali wina woti ndiyende naye."

"Kasenze ndi Chigoba wakoyo."

"Iwe, ndi jogu chabe iyi."

"Ngati ndi jogu chabe, unaomberanji m'manja tsiku lija?"

Iye anandibwezera nati, "Nanga inu amene munathira poizoni m'zitsime zathu? Ana a Chigoba anafa ndi madzi amenewo. Agogo akowo ndiwo anasula makiyi otsegulira zitsimezo."

Ndinamuuza kuti akunama. Iye anatulutsa foni yake nandionetsa. Zinalidi choncho. A Minga ankaonetsedwa nkhani yawo imene ife sitinkaonetsedwa, ndipo ifenso tinali ndi yathu imene iwo sankaiona. Ndinayang'ana Agogo Nyundo ataima pambali pa chitsime, nkhope yomwe ija yachifundo. Sindinadziwe choti ndikhulupirire, choncho ndinasankha chosavuta. Ndinamukankha Mando pachifuwa n'kumapita.

Tinasiya kuyendera limodzi kusukulu. Lamulungu, m'kwaya ya ana, ndinasamuka pamalo panga n'kukaima kumapeto. Mlaliki tsiku limenelo anakamba za mwana wamkulu uja amene anakana kulowa m'nyumba pamene atate awo anaphera mng'ono wake wolowerera mwana wang'ombe. Anthu onse ankagwedeza mitu kumudzudzula, koma ine mumtima ndinkaona kuti wamkuluyo ndiye anali ndi nzeru.

Lachisanu lina masana abambo anandiitana kuti ndiwagwirire chubu cha njinga. Anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, beseni la madzi lili pakati pa miyendo, akufufuza pamene paboka.

"Mando sindikumuona masiku ano," anatero osandiyang'ana.

Ndinawafotokozera zonse, za a Nyali, za a Minga, za nkhalamba ndi za chipata. Ndinkaganiza kuti aseka kapena andilanda foni. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye wakupha uja amukhululukira?"

"Eya. Osalangidwa n'komwe. Amupatsanso chipata."

"Iweyo ukufuna chiyani?"

"Nkhondo ipitirire mpaka alipe."

Anamiza chubu m'madzi, tinthovu tinayamba kukwera, ndipo anaika chala pamenepo. Kenako anayamba kuyankhula ndi mawu otsika amene ankapempherera chakudya.

Anandiuza kuti ali msinkhu ngati wangawo, m'nthawi ya nkhondo, kumudzi kunafika anthu amfuti. Anatentha nkhokwe, natenga anyamata kuti awasenzere katundu. Abambo anatengedwa pamodzi ndi akulu awo, a Afonso, amene ine ndinkangowadziwa ndi dzina. A Afonso anadwala panjira, analephera kuyenda, ndipo anasiyidwa pansi pa mtengo. Palibe anawaonanso. Abambo anathawa, anawoloka mtsinje wa Ruo, nakhala ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi mpaka mtendere wa mu 1992. Zina mwa izi ndinali nditazimvapo. Chimene sindinamvepo ndi chimene ananena pomaliza.

"Amene anandisenzetsa thumba pamutu anali mnyamata wamfuti, wamkulu pang'ono kwa ine. Ndi abambo ake a Mando."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. A Tiyo Bonifasiyo, amene anandiphunzitsa kupalasa njinga atagwira kumbuyo kwa chishalo. Amene ankayambitsa nyimbo pa maliro.

"Ndiye munawakhululukira?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa, mwanangu. Titabwerera ndinamupeza m'tchalitchi, akuimba. Ndinatuluka. Ndinakhala nthawi osalowamo. Ndinkamuuza Mulungu kuti mtendere umenewu walakwika penapake. Kenako mvula inayandikira, munda wathu uli thengo lokhalokha, ine ndekha ndi agogo ako aakazi. M'mawa wina iye anabwera ndi khasu, osanena kanthu, n'kuyamba kulima cha kumapeto. Ndinafuna kumuthamangitsa, koma munda unali waukulu."

"Anapepesa?"

"Patapita zaka anandiuza kuti iyenso anachita kugwidwa akuchokera kusukulu. Sindinamufunse zambiri. Masiku ena ndikamuona ndimaona mnzanga. Masiku ena ndimaona thumba lija. Koma masiku onsewo timalima."

Ndinadikira kuti andiuze chochita, kuti pita ukagwirane chanza ndi Mando, kapena kuti Mawu a Mulungu amati chakuti. Sanatero. Anapukuta chubu ndi malaya, n'kuyamba kupala pobooka paja.

"Mawa tikupalira kwa a Bonifasiyo. Unole khasu lako. Ndipo zimene ndakuuzazi Mando sazidziwa. Si iwe wokamuuza."

Ngati abambo ankafuna kundifewetsa mtima, tsiku limenelo zinalephereka. Ndinabwera kwa iwo ndili ndi chifukwa chopeka chodana ndi Mando, ndipo ndinachokapo ndili ndi chifukwa chenicheni. Ndikunola khasu pamwala ndinayesa kupemphera, koma pofika pa mawu opempha chikhululukiro monga ifenso tikhululukira ena, pakamwa panalemera. Sindinkadziwa kuti ndikhululukire yani. Chigoba kulibe. A Tiyo Bonifasiyo sanandilakwire ine. Mando sanalakwire aliyense. Komabe mkwiyo unalipo, wodzaza chifuwa, ukusowa poti utere.

Loweruka m'mawa tinafika kumunda mame asanaume. A Tiyo Bonifasiyo anatilonjera monga mwa masiku onse, nandisisita pamutu ndi dzanja lawo lokhakhala. Ndinayang'ana dzanjalo. Abambo anatenga mzere woyandikana nawo, ndipo ine anandilozera mzere woyandikana ndi wa Mando. Tinapalira osayankhulana, kukumveka makasu okha ndi fungo la dothi lonyowa. Dzuwa litakwera, Mando, amene ankalima mofulumira kuposa ine, anacheuka.

"A Nyali ndinu aulesi ngakhale kumunda. N'chifukwa chake tinakulowerani mumzinda masanasana."

Ankaseka. Ankafuna kuti ndimubwezere kuti tiyambirenso kucheza, ndikudziwa tsopano. Koma mawu amene anafika pa lilime langa sanali a jogu. Anali okonzeka, aafupi, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangowatulutsa, Mando sadzasekanso pamaso panga, ndipo mwina makasu awiri aja sadzakumananso m'munda umodzi. Ndinayang'ana kutsogolo. Akulu awiriwo anali atafika kumapeto kwa mizere yawo. A Tiyo Bonifasiyo anamwa madzi m'chigubu, napatsira abambo, ndipo abambo anamwera pomwepo osapukuta.

Ndinawameza mawu aja. Sindinganene kuti chinali chikondi. Mwina anali mantha, mwina anali Ambuye atandigwira pakamwa monga amagwirira nyama yolusa.

"Lima, iwe Minga," ndinatero. "Madzulo ubwere pachulu. Ubwere ndi mamega, anga atha."

Madzulo amenewo tinasenza matumba aja. Tinawoloka mlatho, munthu wanga wa zovala zoyera ndi wake wa zakuda, tikuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha kulemera. Pachipata Chigoba analandira tirigu natithokoza ndi mawu omwewo amene ankathokozera aliyense. Ndinayesa kumubaya ndi mkondo, koma jogu sinalole, mkondowo unangodutsa ngati mumphepo. Tisanapite ku madera atsopano ndinamutengera Mando ku chipala cha Agogo Nyundo. Moto unali wozima, ndipo osewera ochokera kutali anali atasiyapo tinyali tambirimbiri pansi. Mando analibe nyali. Anasiyapo mpeni wake. Anzanga a Nyali atamva, ananditcha wogulitsa anzake kwa sabata zingapo, kenako nawonso mmodzimmodzi anakasenza.

Jogu ija inatsekedwa kalekale, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati olemba nkhani aja anachita bwino kapena analakwitsa. Tsopano ndimaphunzitsa Sande sukulu. Ana akandifunsa chifukwa chake antchito a m'fanizo la munda wa mpesa olembedwa madzulo analandira zofanana ndi amene anapsa ndi dzuwa tsiku lonse, ndimawayankha zimene ndinaphunzitsidwa, za chisomo, ndipo ndimazikhulupirira ndi mtima wonse. Koma funso la munthu wa ku Nampula lija silinandichoke, ndipo a Afonso akadali pansi pa mtengo umene palibe akuudziwa. Zimenezi ndimazisiya m'manja mwa Woweruza amene anaona nkhani za mbali zonse ziwiri, pakuti ine ndinangoonetsedwa imodzi.

Chimene ndinamvetsa n'chochepa. Kale ndinkaganiza kuti munthu amayamba wamvetsa, kenako mtima n'kuyera, kenako n'kupita kwa mnzake. Kwa abambo anga sizinayende choncho, ndipo kwa inenso ayi. Mando ali ndi banja tsopano, ndipo sindikudziwa ngati abambo ake anamuuza. Sindinamufunsepo. Akulu awiri aja misana yawo yatopa, minda anatisiyira ife. Sabata ino tikupalira kwathu, yamawa kwawo, ndipo Lachisanu likafika ndimanola khasu.