Kadzuwa ndi Kaduwa

Ndinadzuka kudakali mdima, tambala atangolira koyamba, ndili pa mphasa m'nyumba ya mayi woyandikana nafe. Anali atandikokera kumeneko madzulo ake, chifukwa ndinali ndisanagone chilandirireni uthenga wakuti alongo anga agwa pa makwerero ku Tete. Ndinamanga kapulana, chitenje changa, mumdima momwemo n'kutuluka. Nyimbo za amayi ogona pamaliro zinali zikumvekabe m'nyumba mwathu, koma zolefuka, zongokokera.

Alongo angawo anali munthu wa arikondisyonadu, makina oziziritsa m'nyumba. Ntchito yawo inali kuboola makoma a eni ake, kukoloweka bokosi limodzi m'kati, lina kunja, n'kuwalumikiza ndi timapaipi tamkuwa. M'nyumba imene anamanga kuno ku Furancungo, momwe ine ndimakhala chibwerereni kudzaphunzitsa, anaikamo amtundu wina amene ankawatcha bomba. Ankati makinawo sapanga kuzizira, sapanganso kutentha, amangotunga kutentha mbali ino n'kukakuthira mbali inayo. Mu Junyu, chisanu chikaluma, amatunga kunja n'kuthira m'nyumba. Mu Otubru, dzuwa likaswa mtengo, amatunga m'nyumba n'kutaya kunja. Pa komandu, kachipangizo kowayatsira, pali tizizindikiro tiwiri, kadzuwa ndi kena kooneka ngati kaduwa. Kadzuwa n'kofunditsa, kaduwa n'koziziritsa. Iwo ankati limenelo si duwa ayi, ndi madzi oundana amene amagwa kumaiko ozizira, koma ife tonse tinkangoti kaduwa.

Thupi linafika dzulo lake masana, mu Otubru weniweni, litayenda msewu wonse kumbuyo kwa galimoto. Titavundukula, nkhope inalibe bala ngakhale limodzi. Ankangooneka ngati munthu wotopa amene wagona asanavule nsapato. Amayi athu panalibe. Uthenga unawapeza ku Ntengo-Wambalame, komwe anakathandiza mng'ono wanga amene anali atangochira, ndipo shapa yoyamba, minibasi ya kumeneko, inali yam'mawa mwake. Chaka chinali chitadutsa osamuona mwana wawo. Pa foni sanalankhule zambiri. Anangoti, “Musatseke bokosi ndisanafike. Ndimuone nkhope.” Ndinawalonjeza. Ndiye ndinaika makina aja pa kaduwa, ndinatseka mazenera onse a pabalaza, n'kuwauza amayi ogona ndi maliro kuti chitseko chisamakhale chotsegula.

Komandu sindinagone nayo. Atsibweni athu, alongo awo a amayi, amene ndiwo mwini mbumba, anaitenga m'manja mwanga n'kuiika m'thumba la jekete. Anati katundu wa womwalira amasunga ndi iwo mpaka tsiku logawa, ngakhale singano. Ndinafuna kuwauza kuti komandu si katundu wogawa, koma pamaliro mwana wamkazi sakangana ndi atsibweni ake anthu akuona.

Tsono m'bandakucha umenewo, ndikudutsa kuseri kwa nyumba, ndinapeza moto wa amuna utatsala makala okha, popanda munthu. Onse anali atasamutsira mphasa zawo m'tsinde mwa khoma, pansi pa bokosi lakunja lija. Ena anali m'tulo, ena chikhalire. Bambo wina wachikulire atandiona anamwetulira n'kunena kuti malemuwa analidi katswiri, makina awo akuziziritsa ndi panja pomwe. Ndinaika dzanja kutsogolo kwa bokosilo. Mphepo yozizira bwino inandiomba, ndipo pansi pake panali patanyowa. Bokosi limenelo likamazizira kunja, ndiye kuti kutentha konse likukuthira m'nyumba.

Nditatsegula chitseko, mpweya unandimenya kumaso ngati ndalowa m'chigafa cha fodya. Amayi anali atavula mipango, thukuta lili chuchuchu, ena akudzikupiza ndi mabuku a nyimbo. Ndipo panali fungo. Sindilifotokoza, aliyense amene anakhalapo pa maliro a nyengo yotentha akulidziwa. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandidzutsire. Mayi wina wa ku mpingo anati iwo amayesa ndi kuchuluka kwa anthu. Wina anati anaona kuti chinachake chalakwika, koma poti anayatsa ndi mwini mbumba, akanayambira pati?

Atsibweni ndinawapeza pa mpando pakhonde, chipewa chili kumaso. Anatulutsa komandu mosafulumira. Pa kagalasi kake panali kadzuwa, ndipo nambala inali pa trinta, madigiri makumi atatu. Anafotokoza mofatsa, ngati munthu amene akuyembekezera kuthokozedwa, kuti magetsi anathima usiku, ndipo atabwerera makina sanadzuke okha.

“Ndiye ndinaona kuti vuto lathu ndi dzuwa, n'kuika pa dzuwapo,” anatero. “Kaduwako si ka fungo kodi? Nambala ndinakweza mpaka pothera, kuti agwire ndi mphamvu zonse.”

Ndinawayang'ana. Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti maganizo awo anali olongosoka. Munthu amene sanaonepo madzi oundana akugwa kumwamba angadziwe bwanji? Koma nyumba imene ndinagona inali pomwepo, yoti mwana akhoza kuponyapo mwala. Akanangotuma munthu. Kufunsa mwana wa mlongo wawo, wamkazinso, ndiye kunali kolemera kuposa zonse.

Ndinabweza pa kaduwa, ndinatsitsa nambala mpaka pansi, ndinatulutsa amayi onse. Kenako ndinavundukula nsalu ndili ndekha. Ndinaphimbanso msangamsanga. Amene anagona pamenepo sanalinso munthu wotopa uja wa dzulo.

Kunacha kopanda mtambo. Amayi a kumudzi anayatsa moto m'mafuwa kuseri kwa khitchini, ena akusankha nyemba, ena akusenda mbatata zimene abale a ku Tsangano anatsogoza. Utsi unkangokwera choongoka chifukwa kunalibe ndi kamphepo komwe. Anthu anayamba kufika, a ku Chidzolomondo wapansi, mapazi ali mbuu ndi fumbi, aphunzitsi anzanga atavala zakuda, anzawo a malemu amene ankagwira nawo ntchito ku Tete atadzaza galimoto imodzi. Aliyense ankandigwira dzanja n'kunena mawu omwewo, ine n'kumayankha mawu omwewo, maso ali kumsewu. Pabalaza panali patazizira tsopano, pozizira kwambiri moti munthu ukalowa tsemwe limakugwira. Makina ankagwira ntchito yawo bwinobwino, koma chimene chaonongeka sabweza.

Ndinaimbira mng'ono wanga, amene anatsala ndi khanda. Anati amayi anakwera kale, koma shapa sinanyamuke, ikudikira kudzaza. Ndinaimbanso dzuwa litakwera, anati yanyamuka, n'kundipatsa nambala ya mayi wina wa m'shapamo. Kachitatu ndinaimbira mayiyo, amene anakhala ndi amayi mpando umodzi, iye n'kundiuza kuti tayala laphulika, onse atsika ali pansi pa mtengo. Ndinamva mawu a amayi chapatali akufunsa ngati ndine, ngati bokosi lili chitsegukire. Ndinati inde. Panthawi imeneyo linali lisanatsekedwe, choncho sindinaname, koma lilime linandiwawa.

Adzukulu, amuna okumba manda ndi kusamala thupi, atabwera kuchokera kumanda analowa, sanachedwemo. Wamkulu wawo anaitana atsibweni ndi ine kuseri kwa nkhokwe. Anati thupi silingadikire, ndipo nkhope siyoti n'kuonetsa anthu, makamaka mayi wobereka. Anati akazengereza ngakhale bokosilo livuta kutseka. Ndinawachonderera. Ndinati chipinda chazizira, adikire pang'ono, amayi ali m'njira. Ndinalira, ndinakalipa, ndinachondereranso. Bamboyo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, “Mayi, ife tagwira maliro ambiri. Mukawaonetsa zimenezi, ndi zimene azidzaona akatseka maso mpaka imfa yawo.”

Atsibweni anavomereza ndi mutu, n'kuwonjezera kuti zinthu za magetsizi n'zosadalirika, makolo athu ankangoyala mchenga wonyowa pansi basi. Apo ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ndinachokapo ndisanalankhule mawu oti ndidzawalipire mbuzi.

Misomali ndinaimva ndili kukhitchini. Amayi amene ankasenda mbatata anaima kaye, mipeni ili m'manja. Mwambo woona nkhope unadumphidwa, wolengeza anangoti chifukwa cha nyengo, anthu n'kung'ung'udza pang'ono, kenako bata. Abusa anafupikitsa ulaliki. Mnzawo wa malemu wa kuntchito analankhula mawu ochepa, anati malemuwa sankachoka pa nyumba ya munthu asanamuphunzitse kagwiritsidwe ka komandu, ngakhale mwininyumba akhale wothamanga bwanji. Ndinaweramitsa mutu. Atsibweni anali kuyang'ana kutsogolo, manja ali pa ndodo.

Tinali titanyamula kale, tikutsikira kumtsinje kumene njira ya kumanda imadutsa, pamene mota, njinga yamoto, inatulukira kumsewu ikuliza belu. Amayi anali kumbuyo, atagwira malaya a woyendetsa ndi dzanja limodzi, lina litagwira kathumba. Anali atasiya shapa ija n'kukwera mota, munthu amene moyo wake wonse amaiopa. Mpango unali utagwera paphewa, nkhope yonse fumbi lofiira. Nyimbo inaduka yokha. Onyamula anatsitsa bokosi pansi pa mtengo wa muwanga.

Sanalire poyamba. Anayenda molunjika, anagwada, anayendetsa dzanja m'mbali mwa chivundikiro mpaka chala chinakhudza mutu wa msomali. Anakhudza wina, ndi winanso. Kenako anatukula maso n'kufunafuna ine pakati pa anthu onsewo.

“Ndinati chiyani ine?”

Atsibweni anayandikira n'kunena kuti, “Mlongo wanga, dzuwa la chaka chino ndi loopsa. Talephera.”

Dzuwa. Mawu anali atafika kale pamilomo, oti si dzuwa la kumwamba ayi, ndi kadzuwa kamene munadina ndi chala chanu. Anthu onse a m'nyumba muja ankadziwa, ndipo onse anayang'ana pansi. Koma ndinaona amayi atagwira dzanja la alongo awowo kuti adzuke, ndi munthu yekhayo wobadwa nawo bere limodzi amene watsala. Ndikanalankhula, akanataya awiri tsiku limodzi. Ndinatseka pakamwa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino.

Amayi anapempha kamodzi kokha kuti atsegule, pang'ono pokha, aone ngakhale chipumi. Wamkulu wa adzukulu anagwada patsogolo pawo n'kupukusa mutu. Pamenepo ndiye analira, kulira kwa mawu osasa, akumenya chivundikiro ndi chikhatho ngati akugogoda pa chitseko. Tinawadzutsa awiri. Ulendo wotsalawo anayenda dzanja lili pa bokosi, onyamula akuchepetsa liwiro kuti asawasiye.

Kumanda kunatentha koopsa. Dothi linali louma, lofumbuka, likamagwera m'dzenje fumbi limabwerera kumaso kwathu. Ana amalira ndi ludzu kumbuyo kwa amayi awo. Nkhata zinafota tisanachoke. Anthu anabwerera kunyumba, anasamba m'manja, anadya, ndipo a kutali anayamba kutsanzika dzuwa lisanapendeke kuti apeze zokwera. Atsibweni anakhala pakhonde akulandira otsanzika mpaka womaliza. Pochoka kupita kokagona anandipatsa komandu osandiyang'ana, anangoti ndiisunge ine, iwo zimenezi sazidziwa. Ndi mawu okhawo amene ndinalandira, ndipo sanandikwane.

Madzulo nyumba inakhala chete. Mipando inali idakali panja, pabalaza pali mphasa zokha ndi fungo la sopo amene tinakolopera. Makina ndinali nditathimitsa, mazenera onse ali otsegula. Amayi anakana chakudya. Anakhala pansi pamalo pamene panali bokosi, miyendo atatambasula, n'kundiitana kuti ndikhale pafupi.

“Iwe unamuona dzulo?”

“Ndinawaona, amayi.”

“Anali wonenepa kapena anaonda?”

Ndinati anali monga mwa masiku onse, kungoti masaya anadzaza pang'ono. Anafunsa ngati anameta ndevu, ndinati anameta. Anafunsa za kachipsera ka pachibwano kamene anadzicheka ndi chikwakwa ali mwana, ngati kankaonekabe. Ndinati kankaoneka. Ndinkayankha ndikulimbana ndi mutu wanga, chifukwa nkhope ya dzulo inkangothawa, m'malo mwake n'kumabwera ya m'mawa ija.

“Nanga imvi? Pa foni ankandiseka kuti wayamba imvi kuposa ine.”

Dzulo lonse ndinali pa mazenera, pa chitseko, pa nambala ya makina. Tsitsi la alongo anga sindinaliyang'ane.

Amayi anadikira. Kenako anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

“Basi,” anatero. “Palibenso woti ndimufunse.”