Tsiku limene ndinakwatitsa munthu ndi mlongo wake

Ntchito yomasulira mafilimu ndinaigwira miyezi isanu pa Limbuli, m'kanyumba ka malata kuseri kwa chigayo. Inali ntchito yanga yachitatu chaka chimenecho. Yoyamba inali yothyola tiyi ku esiteti, ndipo kapitawo anandichotsa ponena kuti tsamba lililonse ndimayamba ndalipempha chilolezo. Yachiwiri inali yonyamulira katundu alendo okwera phiri pa Likhubula. Imeneyo inatha tsiku limene mayi wina wachizungu, wa imvi mutu wonse, anandilanda chikwama chake tili pakati pa chitunda n'kundifunsa ngati ndingakonde kuti andibereke. Anthu amati ndimawonjezera, koma ndikulumbira, mayiyo anali atawerama kale.

Ine ndine mkamwini. Nyumba imene ndimagonamo ndinamanga ndekha, koma dothi lake ndi la akuchikazi. Nditapeza ntchito yachitatuyi, apongozi anga aakazi anatumiza mawu kudzera mwa mlongo wawo, amalume ake a mkazi wanga, poti ine ndi apongozi sitiyang'anana kumaso. Mawuwo anali afupi: akachotsedwanso abwerere kwawo, ana ndi a pano. Kwathuko mayi anamwalira kalekale, ndipo pamene panali nyumba yawo alamu anga anadzalapo chinangwa. Ndikanabwerera, ndikanakagona pamzere.

Kagwiridwe ka ntchitoyo kanali kotere. Filimu imabwera anthu ake akulankhula chinenero chimene palibe wa pa Limbuli anachimvapo. M'mawa ndimaionera ndekha mpaka kumapeto, n'kugawa maubale: uyu akhale bambo, uyu wakuba, uyu mkazi wachiwiri. Masana anthu akadzaza, eni kanyumbako amatsitsa mawu a kanema, ine n'kukhala pambali ndi maiki kumalankhulira aliyense, amuna, akazi, tsiku lina mpaka hatchi. Chitchaina sindidziwa ngakhale moni wake. Koma ukadziwa mathero, zina zonse umangoluka.

Lachisanu lina magetsi anazima m'mawa ndisanaonere kalikonse. Anabweranso 2 koloko masana, mabenchi atadzaza. Kutsogolo kwenikweni kunali amalume aja. Iwo anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo ali achinyamata, ndipo chiyambire sanaphonyepo filimu ya nkhondo ina iliyonse. Amavula nsapato n'kuziika pamiyendo, ngati afika pamaliro.

Bwana, eni kanyumba aja, anandipatsa maiki. "Nthawi palibe, achimwene. Muzionera limodzi ndi anthu."

Filimu inayamba. Mwamuna ndi mkazi, onse achinyamata, akutuluka m'nyumba imodzi. Akudya mbale imodzi. Mwamunayo watenga nthuli yaikulu, mkaziyo wamukhoma ndi chipande pamutu, mayi wachikulire ali pomwepo akuwakalipira onse awiri. Inu mukanati chiyani? Kwathu kuno mkazi amene amakukhoma ndi chipande pamaso pa akuluakulu, wopanda ndi manyazi omwe, ndi mlongo wako. Ndinalengeza choncho, ndipo kwa maola awiri ndinamanga chibalecho njerwa ndi njerwa. Ndinati anayamwa bere limodzi. Ndinati anadwalira limodzi chikuku. Achifwamba atamugwira mkaziyo, ndinalira pamaiki kuti "Achemwali anga, ine ndikawauza chiyani amayi?" ndipo azimayi a kumbuyo analira nane, ena mokuwa.

Chakumapeto, achifwamba onse atagona pansi, mvula inayamba kugwa m'filimumo. Mwamuna uja anataya lupanga, nagwira nkhope ya mkaziyo ndi manja awiri.

Ndinati, "Imani, achemwali, ndikuchotseni chitsotso m'diso."

Anasenderana.

Ndinati, "Chalowa mkati kwambiri."

Anapsopsonana. Sindinaonepo kupsopsona kotalika choncho. Munthu akanatha kupita pachigayo, kugayitsa, n'kubwera kudzawapeza asanamalize. M'kanyumba monse munangoti zii, mpaka ndinamva munthu akutafuna mzimbe tsidya la msewu. Kenaka anaoneka atavala zofiira, ng'oma zikulira, mayi wachikulire uja akuvina.

Apa ndi pamene mutu unandithawa. Ndinakuwa kuti, "Kalata yapezeka! Si mlongo wake wa bere limodzi ayi, ndi mwana wa mayi ake aang'ono!"

Chiphokoso chimene chinabuka chinagwedeza malata. Mwana wa mayi ako aang'ono ndi mlongo wako ndithu, zimenezi amadziwa ngakhale mwana wa pamsana. Ndinakuwanso kuti, "Pepani, wa amalume ake! Msuweni! Ndi msuweni!" poti msuweni yekha ndiye amaloledwa. Koma mayina anali atayamba kukwera pakanema. Amalume anatuluka osavala nsapato, atazipanira m'khwapa.

Bwana sanakalipe. Anangoti, "Mawa ndikamva pabenchi."

Benchi imeneyi ili panja pa malo ometera tsitsi, pansi pa mtengo wa mango. Loweruka lililonse m'mawa okonda mafilimu amakumana pamenepo kuweruza zimene aonera mlungu wonse, ndipo bwana amachita zimene benchi yanena. Filimu ikatukwanidwa pamenepo siibweranso. Womasulira amene analipo ine ndisanabwere anathera pomwepo.

Ndinafika nditavala malaya a kutchalitchi. Ndinapeza wometa akumeta munthu, mayi wogulitsa mandasi atakhala ndi beseni lake, wakabaza wina wamtali atatsamira njinga, amalume kumapeto kwa benchi, ndi anthu ena ambiri oimirira. Bwana anakhala pampando wake chapatali, manja pamimba. Palibe anandisunthira malo.

Anayamba ndi mayi wa mandasi, akuloza ine ndi foloko yotolera mandasi. "Inu achimwene, ine ndinabwera ndi anzanga atatu a chigwirizano cha amayi. Ndinawauza kuti bwerani mudzaone chikondi cha pachibale. Talira maola awiri, nsalu kunyowa. Misozi imeneyo mutibwezera bwanji? Mawa kutchalitchi ndikakhala benchi iti?"

"Mayi, filimuyo ili ndi phunziro," ndinatero.

"Lotani?"

Phunzirolo ndinalifunafuna, osalipeza.

Wometa anazimitsa makina ake. "Ine za ukwatizo sindinazione ngati vuto. Vuto ndi ndewu. Munthu wamenya anthu khumi ndi awiri, wagwera mumtsinje, watuluka, tsitsi lili gwa ngati wangochoka pano. Zabodza. Ya mlungu watha ija, ya msilikali wa diso limodzi, imeneyo ndiye inali filimu. Munthu akamenyedwa amaoneka kuti wamenyedwa."

"Ija inali yaphokoso chabe," anatero wina mwa oimirira. "Mfuti yosatha zipolopolo, inagulidwa sitolo iti?"

Mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinapemphera kuti akangane za zipolopolo mpaka dzuwa lifike pamutu. Ndinaponyapo ndi mawu, kuti mfuti zoterozo zilipo, ndinaiona ina ku Nkando. Kumeneko ndiye kunali kudziponda ndekha, chifukwa wakabaza uja anadzuka atangomva dzina la Nkando.

"Ehe, mwandikumbutsa, akulu. Filimu ya dzuloyi ine ndinaionera ku Nkando mwezi watha. Kumeneko mnyamatayo ndi wa lendi. Mtsikanayo ndi mwana wa alandilodi. Palibe chibale, palibe chikuku. Womasulira wa kumeneko ananena poyamba pomwe kuti anthu awa adzakwatirana, ife n'kumangodikira tsiku."

"Nanga bwanji simunanene dzulo?" ndinafunsa.

"Ndimafuna ndione kuti mutulukira pati."

Anthu anaseka mpaka wometedwa uja anachekedwa khutu. Ndikulumbira, kachidutswa kanagwa pansi, nkhuku n'kutola.

Amalume anali asanalankhule. Anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi. "Epa, tiyeni tione bwinobwino. Akamwini, mawu anu omaliza munati msuweni. Ndiye kuti mtsikanayu ndi mwana wa amalume ake a mnyamata. Eti?"

"Ndi choncho, amalume."

"Ndiye gogo uja ndi azakhali ake a mtsikana. Chabwino. Malumeyo ali kuti? Maola awiri, achifwamba alanda munda, atentha nkhokwe, aba mwana wake womubereka yekha, iye osaoneka. Paukwati osaoneka. Anayendetsa chinkhoswe ndani? Hatchi?"

"Anali ku Joni, amalume."

"Munanena?"

"Ndimati ndinene."

Anafufuta zojambulazo ndi phazi. "Filimuyi ndewu zake n'zabwino, ometawa asakunamizeni. Mvula ija anaijambula bwino. Koma monga anatipatsira akamwiniwa, ndi filimu yamalaulo. Sindingabise chifukwa choti ndi a pakhomo panga."

Ndinagwada. Sindikunama, ndinagwada pafumbi ndi buluku la kutchalitchi, pamaso pa bwana. Ndinati magetsi ndiwo anandilakwira. Ndinati ndili ndi ana awiri, wamng'ono sanayambe n'kuyenda komwe. Ndinati mundisiyire mafilimu a zinyama okha, aja a mikango ndi njati, amene alibe maukwati.

"Ameneyo akwatitsa fisi ndi mlongo wake!" anakuwa mayi wa mandasi.

Bwana anadikira kuti kuseka kuthe. "Lolemba musavutike n'kubwera, achimwene."

Kuchoka pa Limbuli kukafika kumudzi ndi ulendo wa ola limodzi wapansi. Ndinayenda kumbuyo kwa amalume. Pamlatho ndinawapempha kuti asanene kanthu kwa masiku atatu okha, ndiyambe ndafunafuna ina. Anati ayi. Ndinati masiku awiri. Ndinati tinganene kuti kanema wapsa. Anaima n'kutembenuka.

"Akamwini, bodza inali ntchito yanu, ndipo dzulo taona mmene mumaigwirira. Musandilowetsemo."

Titafika, apongozi anali pakhonde akusenda nandolo. Ine ndinakaima kuseri kwa khola la mbuzi, malo anga a nthawi ya milandu. Mkazi wanga anali pambali akuchapa, ndipo malaya amodzi omwewo anawachapa mpaka mlandu kutha. Amalume ananena mwachidule kuti ntchito yatha.

"Anaba?" anafunsa apongozi.

"Ayi. Anakwatitsa munthu ndi mlongo wake."

Nandolo analeka kugwa m'lichero. Apongozi anga sanalowepo m'nyumba ya kanema chibadwire, amati mumanunkha masokosi. Koma anati awafotokozere zonse kuyambira pachiyambi. Amalume anaimirira. Anasewera ndewu zonse, kulumpha ndi kugwa komwe, munthu wa zaka zimenezo. Ine kuseri kwa khola ndimawerenga mizati ya nyumba yanga, kuganiza kuti chitseko chokha mwina andilola kunyamula.

"Taimani," anatero apongozi. "Mwati amadya mbale imodzi?"

"Imodzi."

"Pamaso pa make?"

"Ali pomwepo."

"Ndiye ku Nkando akuti mnyamatayo ndi wa lendi? Mtsikana wosakwatiwa kupisa dzanja m'mbale ya mlendo, kumukhoma ndi chipande, make n'kumangoyang'ana? Nanenso ndikanati ndi alongo. Wolakwa ndi mayiyo. Sanalange mwana."

"Koma achemwali, nkhani ya mayi aang'ono ija..."

"Imeneyo ndi uchitsiru, ndipo uchitsiru wa akamwiniwa tinaudziwa kale tsiku la chinkhoswe chawo. Ine ndikunena za mbale."

Anakangana nthawi yaitali, mlongo ndi mlongo wake, za anthu amene mmodzi wa iwo sanawaonepo. Apongozi anati mnyamatayo lupanga lija sakanalitaya pamvula, lichita dzimbiri. Anati zovala zofiira paukwati n'zosayenera. Miyendo yanga inachita dzanzi, mbuzi ina n'kuyamba kudya malaya anga, ine osaithamangitsa poopa kumveka.

Kenaka apongozi anakweza mawu, akuyang'ana kumbali ina, ngakhale ndinali mapazi asanu okha kuchokera pamene anakhala. "Kawauzeni akamwini kuti mawu anga aja sindinawaiwale. Koma sindingathamangitse munthu chifukwa choganiza ngati woleredwa. Munda wa kuchitunda uja wagonera zaka ziwiri. Aulime wonse mvula isanagwe. Ukapanda kutha, asadikire kuuzidwa."

Amalume anayenda mapazi asanuwo n'kudzandibwerezera zonse, liwu ndi liwu.

Munda umenewo ndi wopendekeka moti ukagwetsa khasu umakalitola mudzi wina. Ndinaulima milungu isanu ndi umodzi, manja kusupuka kawiri, ndipo mzere womaliza ndinaunga madontho oyamba akundigwera pamsana. Ndikadali pamudzipo.

Mlungu womwe ndinamaliza, apongozi anatumizanso amalume ndi funso: kodi awiri a m'filimu aja anadzabereka ana? Ndinaliganizira masiku awiri, kenaka ndinabweza mawu akuti sindikudziwa.