Tsiku limene apongozi ananditsuka m'maso

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinkasunga katundu pa loji ina ku Chinzombo. Kwathu ndi ku Katete, koma ndinakwatira ku Kakumbi, ndipo tinkachita lendi nyumba ku Mfuwe. Galimoto ndinagula kwa nesi wina amene anasamutsidwira ku Migodi. Inali yogwiritsidwapo kale ntchito, yochokera ku Japani.

Apongozi anga aakazi anali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Munthu ankamuzindikira ndi mawu. Tinamva kuti madokotala a maso abwera ku Chipata kwa masiku ochepa, ndipo iwo anauzidwa kukafika Lolemba. Minibasi sankaitha, inkawasanzitsa. Ndinalonjeza kuti ndiwaperekeza ndine. Lonjezolo linadzera mwa mkazi wanga, pakuti ine ndi apongozi sitinkalankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatuka. Akabwera kwathu ankakhala kuseri kwa nyumba, ine kumaso. Zaka zonsezo anali asanandionepo ndikudya, kapena ndili chifuwa pamtunda.

Sabata lomwelo galimoto inayamba kutsokomola, ndipo pokwera chitunda inkazima. Makaniko wa paloji anaiyang'ana nati vuto ndi sensa, kachitsulo kokhala pa paipi ya petulo pamwamba pa injini, koyeza mphamvu imene mafuta akubwera nayo. Dalaivala wa minibasi anandibweretsera yatsopano Loweruka, koma makanikoyo anali atapita kumaliro ku Petauke. Zitunda za njira ya ku Chipata ndinkazidziwa. Popanda kusintha sensa, apongozi akanaphonya madokotala.

Lamlungu masana mkazi wanga anapita ndi ana kumsonkhano wa kutchalitchi. Apongozi, amene anagona kwathu, anali kuseri akukazinga nshawa za paulendo pambaula. Ndinatsegula boneti. Ndinayala thumba pansi n'kuikapo masipanala motsatana kukula kwake. Ndinachotsa waya wa batire, ndinazula pulagi ya sensa. Chimene sindinkadziwa n'chakuti petulo amakhala wopanikizika mu paipi ngakhale injini ili yozima. Munthu amayenera kuyamba wazula fyuzi ya pampu, kuliza injini mpaka izime yokha, kenako kukulunga chigamba pamene akumasulapo.

Ndinaweramira pafupi kuti ndione bwino, n'kupotoza sipanala. Petulo anathovoka n'kundimenya kumaso. Anayenderera m'malaya mpaka m'buluku. Maso anayaka ngati ndathiridwa tsabola, khungu nalo linayamba kuwawa. Ndinakuwa. Sindinaganize za munthu aliyense: ndinavula malaya, ndinavula buluku, ndinatsala ndi kabudula wamkati yekha, wofiira, wobooka pambali. Ndinkapapasa mumphepo kufuna khoma.

Choyamba chimene ndinamva ndi makala akulira chuu, athiridwa madzi. Kenako mapazi akukhwekhwereza. Dzanja lokhakhala linandigwira pamkono. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti pakhomo panali munthu mmodzi yekha.

Ndinafuna kuthawa, koma wosaona athawira kuti? Anandikokera pa mgolo wa madzi, iwo akupapasa ndi phazi, ine ndikuwatsata. Galu wathu anali pomwepo, ndipo apongozi analankhula naye.

“Iwe galu, uza eni nyumba agwade, apendeketse mutu.”

Ndinagwada.

“Uwauze atsegule maso. Asatikite. Akatikita, mawa tikagona tonse awiri kuchipatala, nanga woyendetsa adzakhala iwe?”

Anathira madzi ndi chikho, pang'onopang'ono, kwa nthawi yaitali, dzanja lina atandigwira pachipumi monga amachitira posambitsa mwana. Ndinkangomva madzi akutsika pamsana wanga wosavala. Maso atayamba kuona mwachimbuuzi, ndinaona chitenje chikugwera patsogolo panga.

“Galu, pereka icho.”

Anabwerera kuseri.

Mkazi wanga anandipeza nditamanga chitenje cha amayi ake m'chiuno, maso ali psuu, ndikumanga sensa yatsopano. Anaima pageti.

“Abambo ake, kodi mwalowa liti chigwirizano cha amayi?”

Ndinapitiriza kumanga sensa. Anapita kuseri, ndipo patapita kanthawi ndinamva kuseka kotsekereza pakamwa. Kunali kwa munthu mmodzi kapena awiri, sindinadziwe.

Ndinamanga bwino, ndinabwezera pulagi ndi waya wa batire. Ndinatembenuza kiyi osaliza, n'kukayang'ana ngati pakudontha. Panali pouma. Injini inalira mosatsokomola. Sindinasangalale. Chakudya chamadzulo ndinadyera kuchipinda.

M'mawa tinanyamuka. Apongozi anakhala kumbuyo ndi mwana wawo. Kalilole woonera kumbuyo ndinamupotoza kuti aloze kudenga. Galimoto inakwera zitunda zonse, ndipo m'katimo munkanunkhabe petulo. Ndinkadzitonthoza ndi chinthu chimodzi: munthu wa ng'ala saona kanthu, amangoona chifunga.

Anawachita opaleshoni diso limodzi. Atawamasula bandeji mawa lake, mkazi wanga anatuluka m'wodi akupukuta misozi, nati amayi awerenga mabatani a bulauzi yake. Ine ndinadikira panja pa mtengo.

Pobwerera, titatsika zitunda n'kuyamba kuona milaza ya m'chigwa, apongozi analankhula ndi mwana wawo, mokweza pang'ono kuposa mmene zinafunikira.

“Uwauze amuna ako kuti ndathokoza. Uwauzenso kuti tsiku lija ndinalibe maso, sindinaone kanthu.”

Mtima unakhala pansi. Ndinauza mkazi wanga kuti awauze kuti ndamva.

Tinayenda pang'ono.

“Koma iwe,” anatero apongozi motsitsa mawu, “kusoka ndinakuphunzitsa. Chofiira chija chabooka pambali.”

Mkazi wanga anayang'ana pawindo, mapewa akugwedezeka. Ine ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri mpaka ku Kakumbi. Titafika sindinatsike. Apongozi anatsika okha, osagwiridwa dzanja, ndipo anayenda molunjika pa kanjira ka kunyumba kwawo, akuyang'ana uku ndi uku minda imene njovu zinapondaponda. Ine ndinayang'ana pansi mpaka atalowa.