A Pampu Akayesa Makina a Khofi

A Pampu anagwira ntchito yokonza mapampu a madzi zaka makumi atatu ndi zinayi, mpaka dzina lawo lenileni linangotsala m'mapepala a penshoni. Akalowa m'chipinda cha injini sankathamangira sipanala. Ankayamba aima chilili, manja kumbuyo, khutu lili tcheru. Anzawo ankati pampu ikamva nsapato zawo inkasiya yokha kutsokomola.

Khofi anamudziwira kuntchito komweko. Tsiku lina atakonza pampu pa hotela ina, anaona makina aang'ono atatayidwa kuseri kwa khitchini. Anali makina a esipureso, khofi wamphamvu uja womwera m'kakapu. Ophika anati anafa kalekale, atenge ngati akufuna. A Pampu anawanyamula, ndipo atawatsegula pakhonde Loweruka anapeza kuti m'katimo muli kapampu, kathanki kowiritsira madzi ndi timapaipi.

"Ndi abale anga awa," anatero.

Pofika Lamlungu makina anali atadzuka. Kuseri kwa hotela kuja anali atatolanso kachigayo kamagetsi kogayira khofi. Aka kanalibe vuto. Anangokapukuta fumbi n'kukaika pakona.

Kuyambira pamenepo, zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, m'mawa wa a Pampu unali umodzimodzi. Kuyatsa makina kuti atenthe, kugaya khofi, kumuthira m'kasefa kachitsulo kokhala ndi chogwirira, kumutsendera, kumangirira kasefako, kenako maso pa wotchi. Masekondi makumi awiri ndi asanu, tikapu tiwiri. Kamodzi kawo, kena ka akazi awo, amene msewu wonse unkawatchabe Aphunzitsi ngakhale choko anachisiya kale. Ankamwa ataima pawindo la kukhitchini osalankhula zambiri. Kucheza kwawo kwa tsikulo kunali komweko.

Ndiye khofi anayamba kusintha. Sanasinthe tsiku limodzi. Anayamba kutuluka mothamanga, kenako mothamanga kwambiri, mpaka ankangoti waa ngati mpopi: masekondi khumi kapu yadzadza, khofi wake wotuwa, wamadzimadzi, wowawasa. A Pampu anasintha mphira zonse. Anapala zoyera zomwe madzi amasiya m'kathanki. Kapampu anakasintha kawiri. Palibe chinasintha.

M'mawa wina Aphunzitsi anatenga ketulo n'kuiteleka.

"Musavutike nane abambo. Ine ndabwerera ku tiyi."

A Pampu anadinabe batani la makina. Anamwa tikapu tonse tiwiri okha, nkhope itakwinyika, ndipo tsiku lonse anangoyendayenda pabwalo ngati ataya makiyi.

Lamlungu kunabwera mwana wawo wachisamba, namwino wa pachipatala chachikulu, ndi mwamuna wake. Mkamwiniyo anali munthu wabwino, koma wa foni. Chilichonse anali atachiwerenga kale.

"Adadi, makinawa akalamba," anatero namwino. "Kuntchito kwathu wodwala wotere timangoitana achibale."

"Akupuma bwinobwino."

"Akupuma, koma amami athawa. Ife tagwirizana kuti tikugulireni atsopano, apamwamba enieni. Inu mungosankha."

Mkamwini anali atatulutsa kale foni. "Alipo awiri, bambo, amene dziko lonse likukangana. Awa a sikiriniwa mumangodina. Amagaya okha, amatsendera okha, amakumbukira mmene inu mumakondera."

"Nanga ine ndizitani?"

"Muzimwa, bambo."

Aphunzitsi anayankhira pa sinki, osatembenuka. "Ine ndinenepo chimodzi. Khitchini ino malo ndi amodzi, soketi yotsala palibe. Atsopano akalowera pakhomo, agogo awa atulukire pawindo. Sindikufuna galaja m'nyumba mwanga."

A Pampu anayang'ana makina awo, utoto utasuluka pomwe chala chawo chimadina. Anayang'ananso ketulo. Anati apita akaone.

Loweruka namwino ndi mwamuna wake atabwera kudzawatenga, a Pampu anavala jekete, natenga chikwama chawo chakale cha zida. Namwino anachiyang'ana mokayika.

"Mulibe sikuludilaiva mmenemo, eti adadi? Zam'sitolo satsegula."

"Ndamva."

Sitoloyo inali yopapatiza, yonunkhira khofi mpaka pamsewu. Wogulitsa anali mayi wa epuloni yakuda, wa mawu ochepa, ndipo a Pampu anamukonda nthawi yomweyo. Anawaonetsa makina a sikirini aja, akuda, osalala ngati galimoto ya bwana. Mkamwini anawasisita. Kenako mayiyo anawaonetsa achiwiri: chitsulo chonyezimira, zogwirira zamtengo, mathanki awiri, limodzi la khofi lina la nthunzi yofufumitsira mkaka, ndipo kutsogolo kwake geji yozungulira yoonetsa mphamvu ya madzi.

A Pampu anaima pa gejiyo nthawi yaitali. Anayesa kunyamula makinawo mbali imodzi, osasuntha. Anagwedeza mutu movomereza.

"Ndikupangireni kamodzi mulawe," anatero wogulitsa.

Anagaya khofi wa m'sitolomo pa chigayo chachikulu chomwe chinali pambali, natsendera, namangirira. Muvi wa geji unakwera n'kuima osanjenjemera. Khofi anatsika pang'onopang'ono ngati uchi, thovu lofiirira pamwamba. A Pampu anayang'ana wotchi: makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Anamwa. Anatseka maso.

Anali khofi amene anali atamuiwala. Ndipo mtima unawagwa, chifukwa anadziwa kuti agogo aja apitadi pawindo.

"Mwaona, bambo?" anatero mkamwini. "Tikulunge ati?"

"Dikirani."

A Pampu anaika chikwama pa tebulo n'kutulutsamo botolo la madzi a kunyumba, kakapu kawo kobenthuka m'mphepete, ndi kachitini ka khofi amene anagaya m'mawa womwewo pa kachigayo kawo.

"Adadi, mukutichititsa manyazi," ananong'ona namwino.

"Pampu yatsopano timaiyesera pa paipi yakale," anatero a Pampu. "Ukasintha zonse nthawi imodzi, sudziwa chimadwala n'chiti." Anatembenukira kwa wogulitsa. "Mayi, tayesani ndi wangayu. Madzinso awa."

Wogulitsa sanaseke. Anakhuthula madzi a m'makina, nathira a m'botolo. Anadzaza kasefa ndi khofi wa m'kachitini, natsendera monga poyamba.

Muvi wa geji unangodzuka pang'ono n'kugonanso. Khofi anati waa! Masekondi asanu ndi anayi kakapu kadzadza, wotuwa, wamadzimadzi. A Pampu analawa. Anali yemwe uja wa kunyumba, wowawasa mpaka m'makutu.

"Yesani pa a sikiriniwa," anatero mkamwini mwamsanga. "Awa ndi anzeru."

Makina anzeruwo anali ndi kachibowo kothirira khofi wogaya kale. Analira mokoma, sikirini inawala, ndipo anatulutsa madzi otuwa omwe aja. Mkamwini analawa yekha, nayang'ana kudenga, nabweza kapu mwaulemu.

Wogulitsa anatapa khofi wa m'kachitini n'kumufikisa pa zala.

"Bambo, uyu mwagayira chiyani? Wina ngati mchenga womangira nyumba, wina ngati fumbi. Madzi sangachedwe mmenemu, akungodutsa m'mipata. Mano a chigayo chanu munasintha liti?"

"Sichinadwalepo. Ndikadina chimalira."

"Munachitsegulapo?"

A Pampu anayang'ana pansi. Namwino anawayang'ana, pakamwa pali yasa.

"Adadi! Inu? Munatsegula wailesi, simbi, filiji ya aneba, ngakhale chidole changa cholira chija. Zaka zonsezi kachigayo osakatsegula?"

A Pampu anakanda kuseri kwa khutu. "Mulibe madzi mmenemo," anatero motsitsa.

Namwino anaseka mpaka kugwira tebulo. Wogulitsa naye anabisa nkhope m'epuloni.

"Ndisakunamizeni," anatero atapuma. "Makina awa ndi abwino kuposa anuwo, ngakhale sindinawaone. Kutentha kwake sikusinthasintha, ndipo ngati mumalandira alendo ambiri okonda wamkaka, mudzasangalala. Koma matenda mwabwera nawowa sangawachize."

"Tilipo awiri," anatero a Pampu. "Mkaka sitithira. Ndigayireni wanuyo pang'ono, wa tikapu tinayi."

Wogulitsa anagaya, nakulunga m'kapepala. "Thamangani naye. Akakhalitsa fungo limathawa."

M'galimoto a Pampu anafumbata kapepalako ndi manja awiri. Munthu amene moyo wake wonse ankadzudzula madalaivala othamanga, tsiku limenelo anafunsa mkamwini ngati galimotoyo ilibe giya ina.

Anapeza Aphunzitsi pa tebulo la kukhitchini akusoka batani la malaya, magalasi ali pamphuno.

"Bokosi lili kuti?"

"Likubwera," anatero namwino, akuluma mlomo.

A Pampu sanavule n'jekete lomwe. Anayatsa makina akale, nadikira kuti atenthe. Kudikirako kunatalika. Anathira khofi wa m'kapepala, natsendera, namangirira, naika tikapu tiwiri. Chala chinakayika pang'ono pa batani. Anadina.

Makina anabuula, nanjenjemera, masupuni a pambali n'kumalira. Masekondi asanu, palibe kanthu. Asanu ndi awiri. Kenako dontho lakuda, lina, kenako timizere tiwiri toonda tofiirira, totsika mosapupuluma. A Pampu anazimitsa pa makumi awiri ndi asanu ndi limodzi.

Anaika kakapu pafupi ndi malaya aja.

"Ndamwa kale tiyi," anatero Aphunzitsi.

A Pampu anangoima, manja kumbuyo.

Aphunzitsi analuma ulusi, nabaya singano pa kolala. Ananunkhiza. Anamwa pang'ono, nayang'ana amuna awo pamwamba pa magalasi. Anamwanso mpaka pansi, napendeketsa kakapu kuti thovu lotsalira litsike.

"Ndiye mwawatani agogowa?"

"Palibe. Wolakwa ndi uyo," anatero a Pampu, akuloza pakona.

"Wolakwa ndi mwini wake," anatero namwino, n'kufotokoza zonse, za botolo, za kachitini, za mulibe madzi mmenemo. Aphunzitsi anavula magalasi kuti apukute misozi.

"Basi akhale," anatero. "Mawa mundidzutse, ndisateleke ketulo."

"Ndiye a sikirini aja?" anafunsa mkamwini, mawu atafooka.

"Ndimadziwa ine," anatero mkazi wake. "Mumafuna tiwagulire adadi kuti Lamlungu lililonse muzidzadina inu."

"Ndimangofuna bambo apumule."

"Apumule chiyani? Taonani."

A Pampu anali atayala nyuzipepala pa tebulo, kachigayo kali chagada. Sikuludilaiva inatuluka m'chikwama chomwe chija. Namwino anaiyang'ana, napukusa mutu. Zomangira zinayi, chivundikiro, ndipo mano aja anaonekera: osalala ngati kumbuyo kwa supuni. A Pampu anayendetsa chala pamwamba pake, napatsira mkamwini kuti naye akhudze.

"Agwira ntchito," anatero a Pampu. Patapita kanthawi anawonjezera, "Koma geji ija ndi yabwino."

"Musayambe," anatero Aphunzitsi.

Mkamwini anali atabwerera kale pa foni, nkhope itawalanso. "Bambo, zigayo zilipo zisanu ndi chimodzi m'sitolo muja. Ichi chimayeza chokha kulemera kwa khofi. Ichi chili ndi kasikirini..."

A Pampu anakoka mpando, napempha magalasi a akazi awo, nawerama pa foniyo.

"Kulitsani chithunzicho," anatero. "Ndione zomangira zake ngati zimamasuka."