Wailesi Imene Inkagonetsa Yohane

Ndikukumbukira chaka chimene mlongo wanga Yohane anabadwa, tikukhala m'komboni ya Nabvutika, kutsidya kwa malire a Malawi. Ine ndinali mlezi wake ndikaweruka kusukulu, ndipo ndinkapita kukasewera fulaye pokhapokha iye atagona.

Atate, amene anali kalaliki m'tauni, anali ndi wailesi yakale ya shotiwevu yokutidwa ndi kansalu koluka. Inkagwira masiteshoni akutali, koma kuseri kwa mawu kunkamveka phokoso lofewa, loti waaa, ngati mvula ikamabwera kuchokera kuphiri. Aneba athu, Che Saidi, mwini kagolosale, anali ndi yatsopano yonyezimira. Mawu ake anali okwera, koma pansi pake inkathetheka ngati chimanga m'chiwaya, nthawi zina n'kuimba mluzu wobaya m'khutu.

Madoda awiriwa ankakonda kukangana pakhonde kuti yabwino ndi iti. Tsiku lina anagwirizana zobwerekana. Che Saidi ankafuna kumva za kwawo ku Malawi, zimene wailesi yathu inkagwira bwino, pamene atate ankasirira kunyezimira kuja.

Mavuto anayamba masana omwewo. Yohane analira mpaka kusasa mawu. Ndinamubereka, ndinamuimbira, ndinazungulira naye mtengo wa mango, koma ayi ndithu. Mawa lake chimodzimodzi. Amayi anamukhudza pamphumi, namuyang'ana m'kamwa, nkhope yawo itagwa, n'kuyamba kukonzeka zopita naye kuchipatala. Apo m'pamene wailesi yobwereka ija inaimba mluzu wake, mwana n'kudzidzimuka kumsana kwanga.

"Amayi, sakudwala uyu," ndinatero. "Akufuna wailesi yathu ija."

Amayi anamanga chitenje, ulendo kwa aneba, ine pambuyo.

"Odi, Che Saidi! Tabwera kudzatenga mankhwala a mwana."

"Mankhwala ati, amake Yohane? Ine ndimagulitsa sopo ndi mchere."

"Omwe mwaika pa shelefuwo, akulankhulawo."

Che Saidi anaseka mpaka kofia yawo inagwa. Ananyamula okha wailesiyo, naiika pampasa pathu, n'kupotokola kachitsulo kufika pamene palibe wolankhula. Mvula ija inayamba. Yohane anasisima kawiri, kadzanja kake kanamasuka pabulauzi yanga, basi tulo. Ndinamutsitsa mwakachetechete n'kuthamangira kubwalo, kumene anzanga anali atayamba kale masewera.

Atate atabwera kuntchito anaima pakhomo, chipewa m'manja, namvetsera phokoso lopanda mawulo.

"Ndiye kuti nkhani za dziko lonse zagonja kwa kamunthu aka?" ananong'ona, akumwetulira.

Kuyambira pamenepo, masana wailesi inali ya Yohane, ndipo mabatire tinkawayanika padzuwa kuti apezeko mphamvu, atate amvereko nyuzi madzulo.

Lero mawu a kutsidya kwa nyanja amamveka pafoni ngati munthu wakhala nawe pampando umodzi. Koma mwezi wathawu ndinapeza mwana wanga wamkazi akugonetsa khanda lake ndi foni yolira waaa. Akuti ndi nzeru zatsopano za pa intaneti. Ndinangomusiya, ndikusekera m'chitenje.